Mphindi Makumi Awiri

Ku Chitakale magetsi azimanso.
Ndayatsa tochi ya pafoni, ndaitsamiritsa pa botolo la mchere.
Mapepala ofotokopa ali pa benchi,
aja anandibweretsera Fanuwelo kuchokera ku Zomba
atanyowa mbali imodzi ndi chiperoni.
Pa funso lachisanu ndi chiwiri inki inasungunuka.
Ndimaliyankhabe.

2, 5, 11, 23: chikubwera n'chiyani?
Chikubweracho ndikuchidziwa:
mawa belu la ku esiteti, dengu kumsana,
masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga,
mpaka kapitawo atapachika tsiku langa pa sikelo.
Koma pepala likufuna 47.
Ndalemba.

Mlongo wanga Welosi ndiye wotchi.
Wakhala pa thumba la nandolo, amakuwa "Yatha!"
ine ndisanapume n'komwe.
Mphindi makumi awiri, mafunso makumi anayi.
Akuti ukakakamira pa funso limodzi
enawo amakusiya ngati minibasi ya ku Limbe
imene yadzaza iwe ukadali kunenerera mtengo.

Magudumu atatu olumana mano.
Loyamba likazungulira kumanja, lachitatu lilowera kuti?
Ili sindinaliphunzire ku sekondale.
Ndinaliphunzira pansi pa mtengo wa mapeyala
pomwe bambo amakonzera njinga za akabaza,
girisi m'zikhadabo, sipanala pakamwa.
Ndatsinzina, ndapalasa pedulo m'mutu.
Kumanja.

Koma zithunzi izi, abale!
Bokosi lotambasulidwa ngati chikopa cha mbuzi,
ati ulipinde m'maganizo, unene mbali yoyang'ana kumwamba.
Masiku atatu ndakhala ndikudula katoni ya sopo,
kupinda, kutambasula, kupindanso,
mpaka amayi afunsa ngati asilikali a m'mlengalengawo
ntchito yawo ndi yomanga maphukusi.

Ndinali sitandade 4 pamene kandege kachikasu
kanadutsa chapansipansi kakuwaza feteleza pa tiyi.
Anzanga anathawira m'ngalande.
Ine ndinangoti chilili, kukamwa yasa,
ndipo ndinaona mutu wa munthu m'katimo.
Munthu. Wa makutu awiri ngati ine.
Kuyambira tsikulo khosi langa linazolowera kumwamba.

A Namakhwa oyandikana nafe amaseka:
"Iwe Esinala, ngakhale chiwongolero sunachigwirepo,
phiri lili pakhomoli sunafike nalo pa Sapitwa,
ndiye uziti mitambo?"
Akunena zoona. Ndimangoti zikomo.
Mbandakucha ndimathamanga mumsewu wa ku Likhubula
ndikuwerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 300,
kuchotsa 7, kuchotsanso 7,
chifuwa chikutentha, agalu a eni ake ali pambuyo.
Ndikasokoneza ndimayambiranso.

Pali zina sindiuza munthu.
Ndimaopa holo yodzaza ana a m'tauni
amene anakula akusewera pa kompyuta.
Ndimaopa dzanja langali,
limachita thukuta mpaka pensulo kuterereka.
Ndimaopanso kuti adzanditseka diso limodzi
n'kundilozera tizilembo ta m'munsi penipeni,
n'chifukwa chake malole a tiyi akamabwera
ndimawawerenga nambala akadali kutali, kokhota kuja.

Welosi wagona, foni yatsala pang'ono kuzima.
Palibe wokuwa "Yatha!"
Nditha kuba mphindi zisanu, ndani angadziwe?
Pensulo ndaiika pansi ndekha.
Ndakhoza 31. Dzulo anali 28.
Asanu ndi anayi otsalawo akundiyang'ana
ngati angongole.

Ndatuluka panja kukawongola msana.
Mtambo wasiya phiri, kwazizira,
ndipo pakati pa nyenyezi pali imodzi yoyenda,
ikuphethira mofiira, yopanda phokoso.
M'menemo muli wina amene anakhalapo pa benchi,
naye analuma pensulo, naye anasiya funso lina osayankha.
Ndaiperekeza ndi maso mpaka yalowera cha ku Muloza,
kenako ndabwerera m'nyumba
kukafufuta mayankho onse, pang'onopang'ono,
pepala lingang'ambike.
Likufunikanso mawa.